Kugula ploti ndi kumanga mu Lusaka uli ndi pasipoti ya Malawi

Mayi Nabanda (oyang'anira gulu): Mwaswera bwanji nonse. Funso ili landipeza kangapo kumbali, ndiye ndaliika pano kuti odziwa aliyankhe poyera. Munthu ndi Mmalawi, ali ndi employment permit (chilolezo chogwirira ntchito), wagwira ntchito mu Lusaka muno zaka 6. Wapeza maploti awiri, onse a mamita 20 kwa 30. Imodzi ili cha ku Chongwe, K90,000 (ndalama za ku Zambia), wogulitsa ali ndi kalata ya nyakwawa. Inayo ili ku Chalala, K400,000, akuti ili pa taitolo (chikalata cha boma cha umwini wa malo) ya famu yomwe ikudulidwa maploti. Agule iti, ndipo ayambire pati?

Bambo Chisale: Zikomo mayi. Mtengo tiusiye kaye, tiyambe ndi funso loti kodi dzina la munthuyo lingalembedwe n'komwe pa taitolo. Lands Act ya 1995 imati malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, akusungira anthu a dziko lino. Chomwe munthu amagula ndi lizi, kutanthauza kubwereka malowo ku boma, ndipo kawirikawiri yotalikitsitsa ndi ya zaka 99. Ndime 3 ya lamulolo imatchula alendo amene angakhale ndi malo. Otikhudza ife ndi awa: amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, amene boma lamuvomereza ngati investor kudzera ku Zambia Development Agency, amene Pulezidenti wamulola polemba ndi dzanja lake, kampani yolembetsedwa kuno imene masheya a alendo safika 25 pa 100, amene akuchita lendi yosapitirira zaka 5, ndi amene walandira malowo ngati chuma chamasiye. Employment permit mulibe m'menemo. Choncho monga zilili lero, munthuyu sangalembetse ploti iliyonse mwa ziwirizo m'dzina lake. Akapereka ndalama, ku Ministry of Lands akamubweza pomwe akupempha chilolezo chosinthira umwini, ndalama zitapita kale.

Tadala: Ankolo Chisale, nanga chilolezo chokhazikikacho chimabwera liti?

Bambo Chisale: Residence permit, mwa lamulo la za olowa ndi otuluka la 2010. Amene wakhala pa employment permit zaka 10 zosadukiza angathe kupempha. Wa investor's permit ndi zaka 3, wa spouse permit (ya wokwatirana ndi wa kuno) zaka 5. Mawu oti zosadukiza ndi ofunika: permit ikatha n'kukhala miyezi osaikonzanso, kuwerenga kungasokonekere. Munthu wathuyu watsala ndi zaka 4. Ndikanamulangiza kuti azisunga ndalamazo kubanki, azilipira lendi, permit yake isathe ngakhale tsiku limodzi.

A Kamanga: Koma tinene zoona achimwene, zaka 4 mitengo ya maploti idzakhala itakwera. Ambiri amangolemba dzina la mnzawo wa ku Zambia, n'kusainirana kapepala kumbali. Ena amatsegula kampani ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani. Kodi zimenezi n'zoipa kwenikweni?

Mayi Zulu: A Kamanga, njira yolemba dzina la mnzako ndi imene yaliritsa anthu ambiri, ndipo kawirikawiri sikuti mnzakoyo ndi wakuba ayi. Vuto limadza iye akamwalira. Pamaso pa lamulo, amene dzina lake lili pa Certificate of Title ndiye mwini. Akamwalira osasiya wilo, Intestate Succession Act ya 1989 imagawa chuma chake motere: 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira iye. Nyumba yomwe mwamanga ndi thukuta lanu imalowa mumphika womwewo. Ana ake sanakuoneni mukugula simenti, akuona dzina la bambo awo papepala. Akakhala ndi ngongole, okongoza angathe kuigwira. Banja lake likatha kukhoti, nyumbayo imawerengedwa pa katundu wogawana. Angathenso kukaikoleka kubanki inu osadziwa, chifukwa banki imayang'ana kaundula, siyang'ana kapepala kali m'sutukesi mwanu. Ndipo mukapita kukhoti ndi kapepalako, mukukauza woweruza kuti munapangana njira yozembera lamulo la malo. Pamenepo mwayamba mlandu mutagwa kale.

Bambo Chisale: Za kampani ndiwonjezere. Lamulo likuti masheya a alendo achepere 25 pa 100. Ndiye 25 yeniyeniyo siyikwana, muyenera kukhala pansi pake. Tanthauzo lake n'lakuti mwaika ndalama zonse koma mawu anu pakampani ndi ochepa, anzanuwo angathe kukuchotsani pa udayilekitala kapena kugulitsa malowo. Komanso Companies Act ya 2017 imafuna kuti kampani iulule mwini weniweni amene akupindula nayo, ndiye kubisala kuseri kwa mayina a ena ndi kunama papepala la boma. Kampani yotere imathandiza pamene a ku Zambiawo aikadi ndalama zawo ndipo pali pangano la eni masheya lolembedwa ndi loya. Kungotsegula kampani kuti mumangire nyumba yogona, muzidzalipira ma annual return (malipoti a kampani opita ku PACRA) chaka ndi chaka pa nyumba yomwe simukuilamulira.

Mayi Zulu: Pali khomo lina lomwe anthu a kwathu kuno kummawa amaliiwala. Mabanja a Mchinji, Chipata, Vubwi, Kasungu ndi Lundazi ndi osakanikirana. Malamulo a dziko la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, amalola unzika wa mayiko awiri, ndipo munthu amene kholo lake limodzi linali nzika pomwe iye ankabadwa ali ndi ufulu wa unzika, ngakhale anabadwira kunja. Malawi nayenso tsopano amalola unzika wa pawiri. Ngati mayi anu anali a ku Katete ndipo reji yawo yobiriwira (chitupa cha nzika za Zambia) ilipo, yambirani kumeneko, mwa njira yoyenera, ndi zikalata zoona. Ndikutsindika zoona chifukwa alipo ogulitsa mareji achinyengo. Reji yabodza ikadziwika, taitolo yomwe munatengera rejiyo ili pachiswe, inunso muthamangitsidwa m'dziko.

Tadala: Nanga okwatirana ndi a ku Zambia?

Mayi Zulu: Ukwati pawokha sukupatsani ufulu wa malo, achemwali. Taitolo ingalembedwe m'dzina la mnzanu wa ku Zambiayo. Inu mukadzapeza residence permit, mungawonjezeredwe. Pakadali pano sungani umboni wa ndalama iliyonse yomwe mwaika: zotumiza za kubanki, malisiti a simenti ndi malata olembedwa dzina lanu, pangano ndi mmisiri. Onse awiri mulembe wilo.

Ba Tembo: Ba Nabanda, tiyerekeze kuti munthuyo wapeza residence permit, manje tione maploti awiriwo. Ya ku Chongwe ya kalata ya nyakwawa ndi malo a mafumu. Dera la Chongwe ndi la Asoli, pansi pa Senior Chieftainess Nkomeshya Mukamambo II, monganso cha ku Ten Miles panjira ya Kabwe ndi kwa Mungule. Kalata ya nyakwawa imangosonyeza kuti mudzi wakulandirani. Siyilembedwa m'kaundula wa boma, ilibe nambala ya ploti, ilibe miyeso, banki siyingailandire. Kuti malowo akhale pa taitolo pamafunika chilolezo cholembedwa cha mfumu yaikulu yeniyeniyo, osati nyakwawa yokha, kenako khonsolo ya deralo iyendere malowo ndi kuvomereza pamsonkhano wake, mapepala apite kwa Commissioner of Lands, mkulu woona za malo m'boma, apatsidwe nambala, saveya ayeze. Paliponse pamenepa zingaime. Chimene chimachitika kawirikawiri: wogulitsa ndi mmodzi wa banja, abale ena sanafunsidwe, mukangoyamba kukumba maziko akutulukira ndi makasu kuti uwu ndi munda wa agogo. Kapena nyakwawa yamwalira, yolowa m'malo sikuzindikira makalata a mnzake. Mtengo watsika chifukwa mukugula chiyembekezo. Kwa mlendo ndinganene mosabisa, isiyeni.

A Kamanga: Ndiye ya ku Chalala ili bwino poti pali taitolo?

Ba Tembo: Taitolo ya ndani, ya malo ati? Apa ndi pomwe pagona nkhani. Famu ili ndi taitolo imodzi yaikulu. Mwini akaidula maploti 80, taitoloyo siyidzigawa yokha. Pamafunika kuti pulani yodulira ivomerezedwe ndi oyang'anira mapulani pansi pa Urban and Regional Planning Act ya 2015, ntchito ya malowo isinthidwe kuchoka pa ulimi kukhala yomangapo nyumba, ploti iliyonse ipatsidwe nambala ku Ministry of Lands, saveya wovomerezeka aike mabikoni, ndipo dayagiramu ya ploti yanuyo isainidwe ku ofesi ya Surveyor General. Pemphani kuona zinthu zitatu ndi maso anu: pulani yokhala ndi chidindo, nambala ya ploti, dayagiramu yosainidwa. Akakuonetsani chojambula cha pa kompyuta chopanda chidindo, chokhala ndi manambala 1 mpaka 80 omwe anangolemba okha, dziwani kuti ntchitoyo sinayambe. Choopsa china: ngati taitolo yaikuluyo ili pa ngongole kubanki, mwini akalephera kubweza, banki imagwira famu yonse pamodzi ndi nyumba za onse amene anagula.

Ndiyeno musadalire kuloza kwa chala. Lembani saveya wanu, osati wa wogulitsa, apite ndi dayagiramu akapeze mabikoni anayi. Bikoni ndi kachitsulo kozikidwa m'konkire pakona, ndipo anthu amazula n'kusuntha usiku. Kusuntha kwa mamita awiri pa mbali ya mamita 30 ndi masikweya mita 60, gawo limodzi mwa magawo khumi a ploti yanu. Choipitsitsa ndi kumanga mpanda pamalo osiyidwira msewu kapena pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi a ZESCO, chifukwa pamenepo khonsolo imagwetsa popanda chipukuta misozi. Funsaninso kuti malowo ali pansi pa khonsolo iti. Maploti ambiri omwe timati a mu Lusaka ali m'boma la Chongwe, Chilanga, Kafue kapena Chibombo, ndipo pulani ya nyumba imapita kumeneko, osati ku Civic Centre, likulu la khonsolo ya Lusaka.

Tadala: Ba Tembo, nanga nyumba za m'makomboni monga Mtendere kapena Chawama? Zimatsika mtengo.

Ba Tembo: Zambiri za kumeneko zili pa occupancy licence ya khonsolo, ya zaka 30. Ndi chilolezo chokhalapo, si taitolo ya zaka 99, ndipo malire ake nthawi zambiri sanayezedwe. Palinso lizi ya zaka 14 yomwe inkaperekedwa pa chojambula wamba malo asanayezedwe. Mukaona taitolo, werengani zaka zake ndi tsiku lomwe inayamba. Lizi ya zaka 99 yoyamba mu 1975 yatsala ndi zaka zosakwana 50.

Bambo Chisale: Tsopano ndondomeko ya kugula, pa malo omwe mapepala ake ali bwino. Pezani loya wanu, wokhala ndi chiphaso cha chaka chino cha Law Association of Zambia (LAZ), bungwe la maloya. Loya wa wogulitsa amateteza wogulitsa. Ejenti naye akhale wolembetsedwa ku Zambia Institute of Estate Agents, osati mnyamata wa pa Facebook amene ali ndi zithunzi zokha. Loya ayambe ndi kufufuza ku Lands and Deeds Registry, ku Mulungushi House. Pepala lomwe limatuluka limaonetsa mwini, ngongole zomwe zakolekedwapo, ndi caveat (chiletso choti malowo asasinthidwe umwini) ngati wina anaikapo. Dzina ndi nambala ya reji zifanane ndi za munthu amene wakhala patsogolo panu. Ngati mwini anamwalira, wogulitsa aonetse zikalata za khoti zomupatsa mphamvu yoyang'anira chumacho, komanso chilolezo cha khoti chogulitsira. Ngati ndi kampani, mufufuzenso ku PACRA. Muone kuti ground rent (lendi ya malo) ya ku Ministry ndi ma rates (msonkho wa malo ndi nyumba) a khonsolo zalipiridwa.

Zikatero mumasainirana pangano, lomwe maloya ambiri amalemba motsatira LAZ General Conditions of Sale. Chikole, kawirikawiri 10 pa 100, chikhale mu akaunti ya makasitomala ya loya kufikira zonse zitatha, chisapite m'thumba la wogulitsa. Mukangosaina, loya wanu aike caveat kuti malowo asagulitsidwenso kwa wina kumbali. Wogulitsa amapempha State's consent to assign, chilolezo cha boma chosinthira umwini, kwa Commissioner of Lands. Lamulo limati pakapita masiku 45 osayankhidwa, chilolezocho chimatengedwa ngati chaperekedwa, komabe dikirani pepala lenilenilo, chifukwa ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, akalifuna. Kenako msonkho wa Property Transfer Tax. Unali 5 pa 100, kuyambira Januwale 2025 ndi 8 pa 100. Pa K400,000 ndi K32,000. Mwa lamulo wolipira ndi wogulitsa, choncho pangano linene momveka, poti ena amafuna kukankhira wogula pamapeto. Nonse awiri mufunika TPIN, nambala ya wokhoma msonkho. Msonkho ukalipiridwa, mumasainirana chikalata chosinthira umwini, mumapereka ndalama zotsala posinthana ndi taitolo yeniyeni, loya n'kukalembetsa.

A Kamanga: Ogulitsa ena amati tilembe mtengo wochepa papepala kuti msonkho utsike, zotsalazo mundipatse pamanja.

Bambo Chisale: Musavomere. ZRA imawerengera msonkho pa mtengo wa pamsika ikaona kuti wolembedwawo watsika mokayikitsa, ndiye phindu palibe. Chachiwiri, malonda akasokonekera, khoti lidzakubwezerani zomwe zalembedwa. Munapereka K400,000, papepala pali K250,000, ndiye kuti K150,000 mwataya nokha. Ndipo mlendo akapezeka ndi mlandu wa msonkho, permit yake ili pangozi.

Chinanso kwa amene mumayendayenda: chikalata chokhudza malo chili ndi nthawi yolembetsera. Chosainidwa mu Lusaka muno ndi masiku 30, kwina m'Zambia masiku 90, kunja kwa dziko chaka chimodzi. Nthawi ikadutsa chimakhala chopanda mphamvu pokhapokha khoti lilole. Mukasainira ku Lilongwe kapena ku Blantyre chikalata chopatsa wina mphamvu yokuimirani, chitsimikizidwe kaye motsatira Authentication of Documents Act, apo ayi kuno sichigwira ntchito. Mphamvuyo ikhale ya ntchito imodzi yotchulidwa, pa ploti yotchulidwa nambala, ndi tsiku lothera.

A Kamanga: Ku mbali ya ndalama ndiye ndiyankhepo. Amene amalandira malipiro kuno alibe vuto, Zambia inachotsa malamulo oletsa kutulutsa ndi kulowetsa ndalama zakunja mu 1994. Wovutika ndi amene akufuna kukoka ndalama kumudzi, mwina wagulitsa nyumba ku Area 25 kapena walandira penshoni. Ku Malawi kutulutsa ndalama zokagulira katundu kunja kumadutsa kubanki yanu ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo ndalama zakunja n'zosowa. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Munthu amene anasaina pangano lolipira pang'onopang'ono mu kwacha ya Zambia kapena m'madola akudalira ndalama za kumudzi, ngongole yake inakula tsiku limodzi. Choncho musasaine ndalama zisanafike mu akaunti ya kuno. Kusinthitsa kwa anyamata a pa Mchinji ndi Mwami n'kunyamula m'chikwama kuli ndi mavuto atatu: kulandidwa pachipata, ndalama zachinyengo, komanso kusowa umboni wa komwe zachokera. Loya ndi banki amakakamizidwa ndi malamulo a Financial Intelligence Centre kufunsa gwero la ndalama. Umboni womwewo mudzaufunanso tsiku lomwe mudzagulitse nyumbayo n'kufuna kubwerera nazo kwanu.

Mayi Nabanda: A Mwale, mwangokhala chete. Tinene kuti taitolo yatuluka. Kumanga kuno kukusiyana bwanji ndi kumudzi?

A Mwale: Ndimadikira kuti za mapepala zithe, mayi. Poyamba werengani lizi yanu, muli ndime yokukakamizani kumanga mkati mwa nthawi yotchulidwa. Malo akangokhala tchire, Commissioner angathe kutumiza chidziwitso cholanda, ndipo mumakhala ndi miyezi itatu yoyankha. Chidziwitsocho chimapita ku adiresi yomwe ili mufayilo, ndiye mukasamuka kapena kubwerera ku Malawi, kasintheni. Pulani ijambulidwe ndi katswiri wolembetsedwa, ivomerezedwe ndi khonsolo musanakumbe. Kontrakitala akhale ndi chiphaso cha National Council for Construction.

Nthaka ya Lusaka ndi yosiyana ndi ya Lilongwe. Kummwera ndi kumadzulo kwa mzinda, Kanyama, Chawama, Makeni, Lilayi mpaka mbali zina za Chalala, pansi pali mwala wa laimu wokhala ndi mapanga ndi ming'alu. Pena mwala uli pamtunda penipeni, kukumba dzenje la septic tank kumafuna makina oswera, ndalama zomwe simunaziwerengere. Pena mukumba ngalande ya maziko, mbali ina yakhala pamwala, mbali ina padothi lofewa lodzaza m'phanga. Nyumba ikalemera, mbali yofewayo imatitimira, khoma n'kung'ambika kuchokera pakona ya windo kutsika mopendekeka. Mankhwala ake ndi kukumba maenje oyesera anayi kapena asanu musanajambule maziko, injiniya aone. Madzi apansi nawo amakwera msanga nthawi ya dzinja. Ploti yomwe ikuoneka youma mu Okutobala ingakhale dziwe mu Febuluwale. Kaioneni mvula ili pakati, muyang'ane m'munsi mwa mipanda ya oyandikana nawo: mzere wobiriwira wa ndere kapena pulasitala wofufuma zikuuzani pomwe madzi amafika.

Tadala: Ankolo Mwale, tipatseniko miyeso, kuti munthu asamangouzidwa ndi mmisiri.

A Mwale: Titenge nyumba ya mamita 12 kwa 10, masikweya mita 120. Kuno timamangira mabuloko a simenti, osati njerwa zootcha ngati kumudzi. Nkhope ya buloko pamodzi ndi matope ake ndi mamilimita 400 kwa 200, ndiye pa sikweya mita imodzi ya khoma pamalowa mabuloko 12 ndi theka. Makoma akunja ndi mamita 44 kuzungulira, kutalika 2.7, mukachotsa zitseko ndi mawindo mutsala ndi masikweya mita pafupifupi 100, mabuloko 1,250 a mainchesi 6. Makoma amkati a nyumba ya zipinda zitatu amadya ena pafupifupi 1,100. Onjezani 5 pa 100 ya osweka. A m'maziko ndi apadera, a mainchesi 8, ndipo mabowo ake adzazidwe konkire. Chomwe chimadzidzimutsa ambiri ndi mpanda: ploti ya 20 kwa 30 ndi mamita 100 kuzungulira, kutalika mamita 2, mabuloko 2,500 osawerengera maziko ake. Mpanda wokha ukudya mabuloko ofanana ndi nyumba.

Silabu ya mamilimita 100 pa masikweya mita 120 ndi ma cubic mita 12 a konkire. Pa muyeso wa 1:2:4 (simenti, mchenga, miyala), cubic mita imodzi imadya matumba 6 ndi theka a makilogalamu 50, ndiye matumba pafupifupi 78. Mmisiri akakuuzani 120, afotokoze. Akakuuzani 45, akufuna kuchepetsa simenti, silabuyo idzafumbutuka. Pansi pake pakhale dothi lofiira la laterite lotsenderedwa ndi makina m'magawo a mamilimita 150, osati kuthira lonse kamodzi n'kupondaponda ndi mapazi. Kenako mankhwala a chiswe, pulasitiki ya 250 micron yolumikizana bwino, ndi waya wa Conforce wokwezedwa pa timiyala kuti ukhale mkati mwa konkire. Waya wogona pansi pa pulasitiki sugwira ntchito iliyonse. Konkire ithiriridwe madzi masiku osachepera 7, mphamvu yake yonse imakwana pa masiku 28. M'nyengo yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, silabu yosathiriridwa imachita ming'alu tsiku lachiwiri lomwe.

Mabuloko a m'mbali mwa msewu samalani nawo. Thumba limodzi liyenera kutulutsa a mainchesi 6 pafupifupi 30 mpaka 35. Ena amatulutsa oposa 50 ndi kugulitsa asanaume. Kandani ndi msomali pakona: likamayoyoka ngati chigumu, lisiyeni. Kwezani limodzi kufika pachifuwa n'kuligwetsa chafulati panthaka yolimba, labwino silimwazika. Simenti, kaya ya Chilanga kapena Dangote, yang'anani nambala: 42.5 ya konkire ndi mabuloko, 32.5 yomangira ndi pulasitala. Musagule yambiri kuti isungidwe, ikapitirira miyezi itatu kapena kukhala pansi pa chinyezi imachita mibulu. Brickforce (waya wolimbitsa khoma) ilowe pa mzere wachitatu uliwonse, ring beam (lamba wa konkire wa pamwamba pa makoma) izungulire nyumba yonse ndi zitsulo za Y12 (za mamilimita 12) zinayi. Malata akhale a mamilimita 0.4 kapena kuposa, ndipo muyeze nokha pofika, chifukwa opyapyala opakidwa utoto amaoneka chimodzimodzi.

Ba Tembo: Ba Mwale, musaiwale madzi. Apa ndi pomwe mtima umandiwawa.

A Mwale: Zoonadi. Maploti atsopano ambiri alibe mapaipi a Lusaka Water, aliyense amaboola borehole yake ndi kukumba soakaway yake (dzenje lomwetsera pansi madzi oipa). Malamulo a 2018 a WARMA, bungwe loyang'anira madzi, amafuna kuti borehole ilembetsedwe, oboola akhale ndi chiphaso, ndipo italikirane mamita 30 ndi chimbudzi kapena soakaway. Tsono yezani: ploti ya 20 kwa 30, kuchoka pakona kufika pakona yopingasa ndi mamita 36 okha. Mukhoza kukwanitsa mkati mwanu, koma soakaway ya mnzanu ili kuseri kwa mpanda, mamita 5 kuchoka pa borehole yanu. M'mwala wa ming'alu uja madzi oipa sasefedwa, amangoyenda ngati mupaipi. Tonse tikukumbuka kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ya 2023 mpaka 2024 pomwe Heroes Stadium inasanduka chipatala. Musanasankhe pokumba, yendani kwa oyandikana nawo onse, mujambule pomwe pali zimbudzi ndi ma borehole awo, mugwirizane kuti zonyansa zonse zikhale mbali imodzi. Septic tank ikhale ya zipinda ziwiri, yopakidwa pulasitala wosadutsa madzi, muidzaze madzi masiku awiri muone ngati akutsika musanaitseke. Borehole ikhale ndi casing (paipi yotchinga m'mbali mwake) ndi simenti yotseka kumtunda kwake, madzi akayezedwe ku labu musanamwetse ana, ndipo muziwayezanso dzinja lililonse.

Mayi Nabanda: Wina wafunsa kumbali ngati angabweretse mmisiri wake wa ku Lilongwe yemwe amamukhulupirira.

Bambo Chisale: Mmalawi amalowa kuno popanda visa, koma ngati mlendo wodzacheza, masiku 90 pachaka, kapena 30 ngati wabwera pa bizinesi. Kugwira chipande pa sayiti ndi ntchito, ndipo imafuna permit. Akagwidwa, mlandu ndi wa iye ndi wa womulemba yemwe. Musaike permit yanu pachiswe chifukwa cha mmisiri.

A Mwale: Chikhulupiriro chimamangidwa ndi pangano, osati kwawo kwa munthu. Zipangizo gulani nokha, mmisiri mumulipire ntchito ya manja, gawo ndi gawo: maziko, silabu, kufika pawindo, ring beam, denga. Gawo lililonse liyenderedwe ndi injiniya kapena katswiri wina amene sadya kwa mmisiriyo, musanalipire. Zitsulo ndi waya zionedwe konkire isanathiridwe, chifukwa ikathiridwa palibe adzaonenso. Sungani 5 kapena 10 pa 100 ya malipiro kwa miyezi 6 nyumba itatha, kuti denga likadontha abwere. Pa sayiti pakhale kabuku kolemba matumba olowa ndi otuluka tsiku lililonse, ndipo matumba opanda kanthu asungidwe kuti muwerenge. Kwa amene ali kutali, zithunzi za pa WhatsApp sizikwanira, munthu angathe kujambula nyumba ya wina. Muuzeni aimbe vidiyo, ayambire pamsewu, aonetse bikoni, kenako alowe.

A Kamanga: Funso lotembenuza, poti pagulu pano tili ndi abale a ku Zambia. Iwo akafuna kumanga ku Salima kapena ku Mchinji?

Bambo Chisale: Kumeneko chitseko n'chothina kuposa kuno. Land Act ya Malawi ya 2016 inakonzedwanso mu 2022, ndipo kugulitsa malo kwa amene si nzika kunatsekedwa, kupatula njira ya investor yodutsa ku Malawi Investment and Trade Centre. Ndiye malangizo ndi omwewo: ngati kholo lanu lina ndi Mmalawi, yambani ndi unzika. Ndipo amene ali ndi nyumba mbali zonse ziwiri alembe wilo yoganizira mayiko onse, chifukwa nyumba imatsata lamulo la dziko lomwe yaima. Zikalata za khoti la ku Malawi zoyang'anira chuma chamasiye ziyenera kudindidwanso ku High Court ya kuno zisanagwire ntchito pa nyumba ya mu Lusaka. Ana amene si nzika amaloledwa kulandira nyumbayo, ndime 3 ija ikuwateteza.

Tadala: Ndiye kwa zaka 4 zodikirazo palibe chomwe munthu angachite kupatula kusunga ndalama?

Mayi Zulu: Chilipo. Lendi yofika zaka 5 ndi yololedwa kwa mlendo aliyense, ndipo ikapitirira chaka chimodzi iyenera kulembetsedwa ku Lands and Deeds Registry kuti ikutetezeni mwini akagulitsa nyumbayo. Mungagwirizane mtengo wokhazikika wa zaka zingapo m'malo mokwezeredwa chaka ndi chaka. Koma musamange chanu chokhalitsa pamalo a lendi, chomangidwa chimatsalira mwini malo. Mafayilo a permit, makope onse akale ndi malisiti ake, asungidwe pamodzi, adzafunika potsimikiza zaka 10 zija.

Ba Tembo: Ndipo Febuluwale akubwerayu munthuyo akayende ku Chalala atavala majombo, aone misewu yomwe imadutsika. Ngati famuyo ikudulidwa moona, manambala ndi madayagiramu zidzakhala zitatuluka pofika nthawi yomwe permit yake ikukwana, ndipo padzakhala ogulitsanso omwe ali ndi taitolo yawoyawo. Ba Nabanda, muwauze atumize nambala ya famu yomwe yalembedwa pa taitolo yaikuluyo kwa loya wawo, kufufuza ku kaundula angayambe sabata ino.